Mmene chikondwerero cha maluwa chinaberekera mkangano wa ukatswiri mu mpira wa makoleji ku America

Mpira wa ku America, uja wa chikopa chosongoka uku ndi uku chomwe amathamanga nacho m'manja, uli ndi chinthu chimodzi chozunguza mutu kwa munthu wozolowera mpira wa miyendo. M'gulu lapamwamba la mayunivesite, lotchedwa FBS, muli matimu oposa 130, koma timu iliyonse imasewera masewero 12 okha kuchoka kumapeto kwa Ogasiti kufika kumapeto kwa Novembala. Matimu ambiri satha kukumana n'komwe. Nanga katswiri wa dziko lonse apezeka bwanji? Bungwe la NCAA, lomwe limayang'anira masewero a m'makoleji, limakonza mpikisano wa chikho pa basketball, pa baseball, ngakhale pa mpira womwewu m'gulu lachiwiri la FCS kuyambira 1978. Koma m'gulu lapamwambali NCAA siyendetsa mpikisano wa ukatswiri. Malowo anagwidwa kalekale ndi masewero apadera a pakutha pa nyengo otchedwa bowl, omwe eni ake enieni anali makomiti a m'mizinda, ndipo mkangano wonse wa zaka 100 zapitazi ukuchokera pamenepo.

Zinayambira ku Pasadena, m'chigawo cha California. Mu 1890 anthu achuma a kalabu ya Valley Hunt, ambiri mwa iwo osamuka kumadera ozizira a kummawa, anayambitsa chionetsero cha ngolo zokongoletsedwa ndi maluwa pa tsiku la chaka chatsopano. Ankafuna kuonetsa abale awo okwiririka ndi chipale kuti kuno maluwa amaphuka ngakhale mu Januwale. Mu 1902 anaganiza zowonjezerapo mpira kuti alendo achuluke, ndipo anaitana Michigan kuti idzakumane ndi Stanford. Zinavuta. Michigan ya mphunzitsi Fielding Yost inali isanagoletsedweko ndi timu iliyonse chaka chonsecho, ndipo inakuntha Stanford 49 kwa 0 mpaka a Stanford anapempha kuti masewero athe kutatsala mphindi 8. Okonza chikondwererowo anakhumudwa, n'kuusiya mpirawo kwa zaka zoposa 10, m'malo mwake akumachititsa mijaho ya ngolo za akavalo, nthawi ina ngakhale mjaho wa nthiwatiwa. Mpira unabwerera mu 1916, ndipo pa 1 Januwale 1923 unalowa m'bwalo latsopano lomangidwa motengera Yale Bowl. Bwalolo ndi lozungulira, lolowa pansi ngati bakuli, ndipo mawu akuti bowl amatanthauza bakuli lomwelo. Dzina la bwalo linasanduka dzina la masewero, kenako la mwambo wonse.

M'zaka za m'ma 1930 chuma cha America chitagwa, mizinda ina ya kumadera ofunda inaona kuti Pasadena ikudzaza mahotela m'nyengo ya Khirisimasi, nayo n'kukopera. Orange Bowl ku Miami ndi Sugar Bowl ku New Orleans zinayamba mu 1935, Cotton Bowl ku Dallas mu 1937. Mayinawo ndi a mbewu za m'maderawo: malalanje, shuga, thonje. Peach Bowl ya ku Atlanta inadza mu 1968, Fiesta Bowl ya ku Arizona mu 1971. Palibe amene anayambitsa bowl pofuna kupeza katswiri. Timu inkachita kuitanidwa monga mlendo, ndipo komiti inkayang'ana makamaka kuti timuyo ibwera ndi ochemerera angati odzagona m'tawuni sabata yathunthu. Notre Dame, yomwe inali m'gulu la matimu otchuka kwambiri, itasewera Rose Bowl ya 1925 inakana kupitanso ku bowl iliyonse mpaka Cotton Bowl ya 1970, ponena kuti zimasokoneza maphunziro.

Poti masewerowa ankachitikira kwambiri kummwera, tsankho silinawasiye. Pokonzekera Sugar Bowl ya 1956, bwanamkubwa wa Georgia, Marvin Griffin, anayesetsa kuletsa Georgia Tech kusewera ndi Pittsburgh chifukwa m'timuyo munali wosewera wakuda, Bobby Grier. Ophunzira a Georgia Tech anachita zionetsero zotsutsa bwanamkubwayo, ndipo masewerowo anachitika Grier ali m'bwalo.

Katswiri ankasankhidwa ndi mavoti. Atolankhani anayamba m'ndandanda wawo wa AP mu 1936, aphunzitsi a matimu anayamba wawo mu 1950. Chodabwitsa n'choti kwa zaka zambiri voti yomaliza inkachitika masewero a bowl asanaseweredwe, umboni woti bowl inkatengedwa ngati tchuthi chabe. Mu 1964 Alabama inapatsidwa ukatswiri m'mavoti onse awiri, kenako n'kukagonja kwa Texas ku Orange Bowl, pamene Arkansas inamaliza chaka osagonjako. AP inasinthiratu dongosolo mu 1968. Aphunzitsi anaumirira mpaka 1973, pamene katswiri wawo, Alabama yomweyo, anagonja kwa Notre Dame 24 kwa 23 ku Sugar Bowl.

Kudikira ma bowl sikunathetse vuto, chifukwa bowl iliyonse yaikulu inali itamangana pangano ndi ligi yake. Mayunivesitewa ali m'maligi osiyanasiyana omwe amawatcha conference. Kuyambira 1947 Rose Bowl inkatenga katswiri wa Big Ten ndi katswiri wa ligi ya kugombe la kumadzulo, yomwe pambuyo pake inadziwika kuti Pac-10. Sugar Bowl inali ya SEC, Orange Bowl ya Big Eight, Cotton Bowl ya Southwest Conference. Choncho timu yoyamba pa m'ndandanda inkatha kukhala ku Miami, yachiwiri ku Pasadena, iliyonse n'kupambana masewero ake, anthu n'kutsala akukangana m'mabala. Mu 1990 atolankhani anasankha Colorado, aphunzitsi Georgia Tech. Chaka chotsatira atolankhani anati Miami, aphunzitsi anati Washington, ndipo matimu onse awiri anali osagonjako. Zaka ziwiri zotsatizana za akatswiri awiriawiri ndi zomwe zinakankha akuluakulu kuti akhale pansi.

Anayamba ndi zigamba. Bowl Coalition ya 1992 ndi Bowl Alliance ya 1995 zinayesa kukumanitsa matimu awiri apamwamba, koma Rose Bowl inakana kulowamo, motero Big Ten ndi Pac-10 zinali kunja. Penn State inapambana masewero ake onse mu 1994 koma sinapatsidwe mpata wokumana ndi Nebraska. Mu 1997 ukatswiri unagawidwanso, pakati pa Michigan ndi Nebraska. Rose Bowl itavomera, mu 1998 kunabadwa Bowl Championship Series, mwachidule BCS, yomwe anaitsogolera ndi Roy Kramer, mkulu wa SEC. Ma bowl anayi (Rose, Sugar, Orange ndi Fiesta) ankasinthana kuchititsa masewero omaliza, ndipo oyamba anapambana ndi a Tennessee pogonjetsa Florida State 23 kwa 16.

Matimu awiriwo ankapezeka kudzera m'masamu osakaniza mavoti ndi makompyuta. Masamuwo ankasinthidwa pafupifupi chilichonse chikalakwika. Mu 2001 Nebraska inaswedwa ndi Colorado 62 kwa 36 m'masewero ake omaliza, sinakhale katswiri ngakhale wa ligi yake, komabe masamu anaitumiza ku fainolo komwe Miami inaikuntha 37 kwa 14. Mu 2002 anachotsa m'makompyuta kuwerengera kusiyana kwa mapointi, poopa kuti matimu akuluakulu azingopondereza ang'onoang'ono, koma potero makompyutawo anasiya kusiyanitsa kupambana movutikira ndi kupambana mopanda thukuta. Mu 2003 timu ya USC inali yoyamba m'mavoti onse awiri koma makompyuta anaisiya kunja, ndipo akatswiri anakhalanso awiri, LSU ndi USC, chinthu chomwe BCS inakhazikitsidwa kuti ichithetse. Kuyambira 2004 masamu anawapeputsa: magawo awiri mwa atatu ankachokera ku mavoti awiri, gawo lotsalalo ku makompyuta 6, atataya nambala yapamwamba ndi yapansi ya timu iliyonse n'kutenga pakati pa zinayi zotsalazo. Chaka chomwecho Auburn inapambana masewero onse mu SEC koma malo anali awiri okha, ndipo AP inauza a BCS kuti asiye kugwiritsa ntchito m'ndandanda wake.

Kunena chilungamo, BCS inabala masewero ena osaiwalika, monga Texas ya Vince Young kugonjetsa USC 41 kwa 38 ku Rose Bowl ya 2006. Koma matimu a m'maligi ang'onoang'ono analibe njira yofikira pa chikho ngakhale atapambana chotani. Boise State inagonjetsa Oklahoma 43 kwa 42 ku Fiesta Bowl ya 2007 n'kumaliza chaka osagonjako, koma zinathera pomwepo.

Otsutsa mpikisano weniweni wa chipulula ankapereka zifukwa ziwiri: mayeso a Disembala, komanso kuti masewero a mkati mwa chaka angachepe mphamvu. Chifukwa choyambacho chinali chofooka, popeza ophunzira a FCS nawo amalemba mayeso. Nkhani yeniyeni inali ya ndalama ndi yemwe aziigwira. Khoti lalikulu la America litagamula mu 1984 kuti NCAA ilibe mphamvu yolamulira yokha mapangano a pa kanema, ndalama za mpirawu zinapita m'manja mwa maligi, ndipo maligi akuluakulu sanafune mpikisano wogawana phindu ndi aliyense. Ngakhale Barack Obama ananenapo mu 2008 kuti akufuna mpikisano wa matimu 8, osamumvera. Chinagwetsa BCS ndi chaka cha 2011, pamene fainolo inakhala ya matimu awiri a ligi imodzi, Alabama ndi LSU, omwe anali atakumana kale mu Novembala. Alabama inapambana 21 kwa 0, ndipo maligi ena akuluakulu anazindikira kuti nawonso akhoza kutsekeredwa kunja.

College Football Playoff inayamba mu 2014 ndi matimu anayi. Makompyuta anawachotsa, m'malo mwake n'kuika komiti ya anthu 13 yokumana ku Grapevine, ku Texas. Mu komiti yoyamba munalinso Condoleezza Rice, nduna yakale yoona za ubale wa America ndi mayiko ena. Ma bowl sanathe ayi, anangowalowetsa m'dongosolo: Rose, Sugar, Orange, Cotton, Fiesta ndi Peach ankasinthana ndime ya matimu anayi, fainolo n'kumachitikira mumzinda wosankhidwa padera. Kampani ya kanema ya ESPN inalipira madola pafupifupi 470 miliyoni pachaka. Vuto linali lodziwikiratu: maligi akuluakulu anali asanu, mipando inayi. Chaka choyamba chomwecho TCU inatsika kuchoka pa 3 kufika pa 6 itangopambana masewero ake omaliza, ndipo Ohio State, yomwe inatenga mpando wachinayi, inakatenga chikho. UCF inamaliza 2017 osagonjako, osaitanidwa, n'kudzilengeza yokha kuti ndi katswiri. Chowawa kwambiri chinali cha Florida State mu 2023: masewero 13 onse inapambana, ukatswiri wa ligi yake ya ACC inatenga, koma komiti inaisiya chifukwa wosewera wake wofunika, Jordan Travis, anali atathyoka mwendo. Osewera ake ambiri anakana kupita ku Orange Bowl, ndipo Georgia inaipondereza 63 kwa 3.

Kuyambira 2024 matimu ndi 12. Mu 2024 ndi 2025 mipando isanu inasungidwira akatswiri a maligi, yotsalayo komiti inadzaza potengera m'ndandanda wake. Matimu anayi amapuma ndime yoyamba, ena n'kukumana motere: 5 ndi 12, 6 ndi 11, 7 ndi 10, 8 ndi 9, pabwalo la yunivesite yomwe ili pamwamba. Ndime ziwiri zotsatira ndi za ma bowl 6 aja. Chaka choyamba mpumulowo unali wa akatswiri a maligi okha, zomwe zinakweza Boise State ndi Arizona State pamwamba pa matimu amphamvu kuposa iwo n'kusokoneza kakumanidwe konse. Matimu anayi onse opumawo anagonja masewero awo oyamba, ndipo chikho chinapita kwa Ohio State, ya nambala 8, itagonjetsa Notre Dame 34 kwa 23 ku Atlanta pa 20 Januwale 2025. Chaka chotsatira anasintha kuti mpumulo uzipita kwa matimu anayi apamwamba pa m'ndandanda basi. Rose Bowl ya pa 1 Januwale 2025 inakumanitsa Ohio State ndi Oregon, onse awiri tsopano a Big Ten, chifukwa ligi ya kumadzulo ija inapasuka matimu ake atathamangira ndalama za kanema.

Kunja kwa mpikisanowu kudakali ma bowl oposa 30, ambiri oonetsedwa pa ESPN, ena kampaniyo ndi mwini wake. Kuti timu iitanidwe imafunika kupambana masewero 6, ndipo mwa amenewa amodzi okha ndi omwe angakhale ogonjetsa timu ya FCS. Matimu oyenera akaperewera, amatenga opambana 5 potengera mmene osewera awo akukhozera m'kalasi. Aphunzitsi amawakonda chifukwa amapeza masabata owonjezera ophunzitsa achinyamata. Pa ndalama pokha pali msampha: yunivesite imakakamizidwa kugula mulu wa matikiti, ndipo osagulitsidwa imalipira yokha, kuphatikizapo ndege ndi hotela za timu ndi gulu la oimba. Connecticut itapita ku Fiesta Bowl ya 2011 inatsala ndi matikiti oposa 14,000, n'kutaya madola oposa miliyoni imodzi ndi theka.

Osewera nawo anayamba kuwerengera. Jaylon Smith wa Notre Dame atavulala bondo ku Fiesta Bowl pa 1 Januwale 2016 n'kutsika mtengo pa chisankho cha osewera a NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, kumapeto kwa chaka chomwecho Christian McCaffrey ndi Leonard Fournette anakana kusewera ma bowl awo. Lero zimenezi n'zozolowereka, ndipo mu Disembala aphunzitsi ena amakhala atasamukira kale kuntchito zatsopano, osewera ena akufunafuna yunivesite ina. Ma bowl ang'onoang'ono ayamba kudalira nthabwala kuti anthu aonere: ku Duke's Mayo Bowl mphunzitsi wopambana amamukhuthulira mayonezi pamutu. Mu Disembala 2025 Notre Dame, itapambana masewero 10 mwa 12 koma komiti n'kuisiya kunja kwa matimu 12, inalengeza kuti sipita ku bowl ina iliyonse chaka chimenecho.