Vidiyo ya mtsogoleri nayonso imanama

Ambiri timati, "Ndaona ndekha pa vidiyo, ananenadi." Komatu vidiyo amaisintha. Mu Marichi 2022 kunafala vidiyo ya Pulezidenti wa Ukraine, Volodymyr Zelensky, akuuza asilikali ake kuti atule zida pansi. Inali yopeka pa kompyuta: mutu unkaoneka waukulu mosagwirizana ndi thupi, khungu la kumaso losiyana ndi la pakhosi. Mwiniwake anaitsutsa tsiku lomwelo, Facebook n'kuichotsa.

Zina sizifuna luso n'komwe, ndipo n'zimene zimandidetsa nkhawa. Mu 2019 anangochepetsa liwiro la vidiyo ya Nancy Pelosi, yemwe panthawiyo anali sipikala wa nyumba ya malamulo ku America, mayiyo n'kumamveka ngati waledzera.

Kavidiyo kodukiza kakakufikani pa WhatsApp, musanakatumize kwa ena, kamvetsereni kaye mawu onse patsamba lenileni la mtsogoleriyo.