Mlendo amatayika mapemphero akangotha

Mipingo yambiri imadziwa kulonjera mlendo. Amamuimiritsa, atchule dzina ndi kumene wachokera, anthu n'kuomba m'manja. Vuto limayamba dalitso lomaliza likangoperekedwa. Akhristu amathamangira anzawo odziwana nawo kale, akulu a mpingo amakawerenga chopereka, abusa amazingidwa ndi ofuna kupemphereredwa. Mlendo uja amaima chapatali, maso ali pa foni ngati mwabwera uthenga wofunika, kenako n'kunyamuka. Palibe wamuchita mwano, koma palibenso wamufunsa ngati adzabwerenso. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Ndikamaphunzitsa akulu a mpingo ndimanena mobwerezabwereza kuti ntchito yolandira alendo ikhale ndi eni ake, odziwika ndi mayina. Kulengeza paguwa kuti "tonse tizikonda alendo" sikuthandiza, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake achita. Sankhani anthu angapo omasuka kucheza, amuna ndi akazi, achinyamata ndi achikulire, omwe tsiku limenelo alibe udindo wina. Mmodzi akhale pafupi ndi mlendoyo, amupezere nyimbo m'buku, amunong'oneze nthawi yoimirira, amuonetse kokasiya ana ndi kumene kuli chimbudzi. Zimaoneka zazing'ono, koma munthu amene sakudziwa dongosolo la mapemphero samva ulaliki, amangodera nkhawa kuti angalakwitse.

Za kuimiritsa alendo, ine ndimati pasakhale kukakamiza. Ena amabwera atasweka mtima, mwina banja latha kapena aferedwa, ndipo safuna maso a gulu. Nambala ya foni nayonso apereke mwakufuna kwawo, ndipo musawaike pa gulu la WhatsApp musanawapemphe. Akaipereka, muwaimbire sabata yomweyo, woimba akhale yemwe adacheza nawo uja. Mawu oyamba asakhale a chopereka kapena kalata ya umembala.

Mpingo wa ku Yerusalemu udamuopa Saulo atangotembenuka mtima. Machitidwe 9:26-27 akutiuza kuti Barnaba ndiye adamutenga n'kupita naye kwa atumwi. Mlendo aliyense amasowa munthu wotere, womulowetsa pakati pa anthu.

Kulowa n'kwina, kukhazikika n'kwinanso. Mpingo ukakula, m'busa mmodzi sangadziwe amene wadwala kapena wajomba masabata atatu. Katswiri wina wa ku Britain, Robin Dunbar, adati munthu amatha kusunga ubale weniweni ndi anthu pafupifupi 150 okha. Choncho kukula kwenikweniko ndi kumene kumayambitsa kutayana, pokhapokha mpingo utagawidwa m'magulu ang'onoang'ono, aja ena amati miphakati, ena milaga.

Nzeruyi ndi yakale. Pa Eksodo 18, Yetero adalangiza Mose kuika atsogoleri a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. A mpingo wa Methodist mumzinda wa Bristol ku England adayamba timagulu ta anthu pafupifupi 12 mu 1742, ndipo chodabwitsa n'chakuti cholinga choyamba chidali kutolera ndalama zobwezera ngongole ya nyumba yawo yopemphereramo. Atsogoleri poyendera anthu awo sabata iliyonse ankapeza odwala ndi obwerera m'mbuyo, ndipo John Wesley, yemwe adayambitsa gulu la Methodist, adaona kuti apa ndiye pali njira yowetera nkhosa.

Gulu lotere likafika anthu 20 kapena 30 ligaweni, ngakhale mamembala adandaule kuti azolowerana. Kuzolowerana komweko ndiko kumatsekera mlendo kunja. Watsopanoyo mum'patse kantchito kopepuka mwamsanga, monga kukonza mipando kapena kuwerenga mawu pagulu, chifukwa munthu amene akudikiridwa sajomba chisawawa. Mtsogoleri azisunga kaundula wa anthu ake, ndipo wina akasowa kawiri motsatizana apite kapena aimbe foni. Funso loyamba likhale lakuti kunyumba kuli bwanji, osati chifukwa chimene sadabwerere.