Kodi katemera wa mRNA amasintha chibadwa cha munthu?

Pa WhatsApp pakuyendabe mphekesera yakuti katemera wa Covid-19 wa Pfizer ndi Moderna amalowa mu DNA, yomwe imasunga malangizo a chibadwa, n'kusintha chibadwa cha munthu. Ndi bodza, ndipo munthu akadziwa mmene selo (kachigawo kakang'onong'ono ka thupi) limagwirira ntchito, bodzali limaonekera poyera.

DNA imasungidwa m'kachipinda ka pakati pa selo kotchedwa nyukiliyasi. Thupi likafuna puloteni inayake, selo limakopera kagawo kochepa ka DNA kukhala mRNA, monga munthu akopera malangizo pa kapepala, buku lenilenilo n'kulisiya m'kabati. mRNA imatuluka kupita ku ma ribosome, malo opangira mapuloteni m'selo, omwe amawerenga zilembo zake zitatuzitatu. Pafupifupi gulu lililonse la zilembo zitatu limaitana amino acid (kachidutswa komangira puloteni) imodzi mwa mitundu 20, ndipo ma amino acid akalumikizana n'kupindika, puloteni yapangidwa.

Katemerayu amangobweretsa mRNA yokonzakonza ya puloteni ya minga ya kachilombo ka korona. Ntchito yake yonse imathera kunja kwa nyukiliyasi, kenako selo limaiphwanya pakapita masiku. Ilibe njira yolowera kumene DNA ili. Komanso mRNA si yachilendo m'thupi ayi: asayansi anaitulukira mu 1961, ndipo maselo athu amapanga yawoyawo usana ndi usiku.