Wapansi ndi wa njinga akakumana m'phiri, apatuke ndani? Mafunso ndi mayankho

M'matauni ambiri a m'tsinde mwa mapiri, kanjira kamodzi komweko kokwerera phiri kamadutsamo oyenda pansi, opalasa njinga, penanso okwera pa hatchi. Nthawi zambiri kamakhala kopapatiza, kongokwana munthu mmodzi. Malamulo ogawana kanjira kotere anafalitsidwa kwambiri ndi bungwe la International Mountain Bicycling Association, lomwe linayamba mu 1988 ku California pa nthawi imene njira zambiri zinkatsekedwa kwa a njinga chifukwa cha madandaulo a oyenda pansi. Choncho malamulowa anawalemba ndi a njinga eni ake, pofuna kuti asathamangitsidwe m'mapiri.

Tikakumana maso ndi maso, apereke mpata ndani?

Wa njinga. Iye amapereka mpata kwa woyenda pansi ndi kwa hatchi, ndipo woyenda pansi amapereka mpata kwa hatchi. Kwa wa njinga, chifukwa chake ndi liwiro: amene angavulaze mnzake ndiye ayenera kusamala kwambiri. Kupereka mpata sikutanthauza kungokhotetsa chiwongolero n'kudutsa m'mbali fyuu ayi. Mumachepetsa liwiro mukadali patali, mumalankhula, ndipo ngati malo ndi ochepa mumaima n'kuponda phazi pansi.

Kunena zoona, oyenda pansi ambiri amapatuka okha, poti kwa iwo ndi sitepe imodzi chabe. Umenewo ndi ulemu wawo, si ngongole. Wa njinga amene wapatukiridwa anene zikomo, ndipo asayembekezere kuti wotsatirayo achitanso chimodzimodzi. Mwina ndi gogo wa ndodo, mwina ndi mayi wogwira mwana padzanja.

Nanga wina akukwera, wina akutsika?

Wotsika aime. Wokwera akaima pakati pa chitunda, kuti ayambenso kupalasa ndi ntchito yaikulu: tayala lakumbuyo limangozungulira pamiyala, mapeto ake amatsika n'kuyamba kukankha. Wotsika akangomasula mabuleki, njinga imayenda yokha. Oyenda pansi okhaokha nawonso amatsata zomwezi. Pokhapo pamene chikwangwani chanena kuti njirayo ndi yotsikira njinga basi, m'menemo musakweremo n'komwe.

Ndikuchokera kumbuyo kwa munthu. Ndimuchenjeze bwanji?

Lizani belu mukadali patali, kenako lankhulani: "Zikomo, ndidutse nawo kumanja kwanu." Mukakuwa muli kale pamsana pake, munthu amadzidzimuka n'kulumphira mbali yomwe mumafuna kudutsayo. Ngati muli gulu, uzani munthuyo kuti kumbuyo kukubwera angati, apo ayi abwerera m'njira n'kugundana ndi mnzanu wachiwiri. Inunso apansi, musatseke makutu onse awiri ndi nyimbo.

Hatchi bwanji?

Imani kumunsi kwa njira, osati kumtunda, ndipo lankhulani ndi wokwera hatchiyo mofatsa. Hatchi imaopa chinthu chimene chaima phee pamwamba pake, koma ikamva mawu imadziwa kuti ndi munthu.

Mvula yagwa usiku. Ndingapite ndi njinga m'mawa?

Apa ndi pamene ndimafuna anthu atamvetsa. Ngati tayala likusiya mzere wakuya m'dothi, kapena matope akumatirira kunsapato mpaka kulemera, bwererani. Mzere wa tayala pa chitsetse umasanduka ngalande. Mvula yotsatira, madzi amene akanadutsa chopingasa n'kulowa m'tchire amatsata mzerewo, amathamanga, amanyamula dothi. Ndinaonapo kanjira kena kamene kanali kosalala bwino, ndipo mvula itatha pakati pake panali chigwembe chofika m'mawondo, mizu ya mitengo ili pamtunda, miyala ikugubuduka ukaponda. Kukonza malo otero kumafuna anthu onyamula makasu ndi miyala kukwera nazo phiri, ndipo ambiri mwa iwo amagwira mongodzipereka.

Mukapeza chithaphwi pakati pa njira, dutsani pakati pomwepo. Aliyense akamalambalala, udzu wa m'mbali umafa ndipo kanjira kamasanduka bwalo la matope. Pa malo pamene njira imakwera mokhotakhota, musadule chidule. Anaikhotetsa dala kuti madzi asapeze potsetserekera mowongoka. Kukoka buleki yakumbuyo mpaka tayala kukhwekhwereza kumapalanso dothi ngati khasu.

Mitundu ya pa zikwangwani ikutanthauza chiyani?

M'malo ambiri, mtundu wobiriwira ndi njira yosavuta, wabuluu ndi yapakatikati, wakuda ndi ya akatswiri. Ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya amaikanso wofiira pakati pa wabuluu ndi wakuda. Phiri lililonse lili ndi muyeso wake, choncho pa phiri lachilendo yambani ndi njira yosavuta kuposa imene munazolowera.

Kodi njinga imaloledwa paliponse?

Ayi. Mwini malo kapena oyang'anira nkhalango ndiwo amanena. Ku United States, mwachitsanzo, njinga sizilowa m'madera otetezedwa ndi lamulo la Wilderness Act la 1964. Njinga zamagetsi nazo zili ndi malire ake: m'maiko a European Union, imene imatengedwa ngati njinga wamba ndi ija imene injini yake imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Ngakhale zili choncho, njira zina sizizilola. Werengani chikwangwani cha poyambira njira musananyamuke, ndipo ngati palembedwa kuti njira yatsekedwa, yatsekedwa.

Ndidziwa bwanji kuti ndibwerera kusanade?

Okwera mapiri amagwiritsabe ntchito mawerengedwe a William Naismith wa ku Scotland, a mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Ulendo wa makilomita 10 wokwera mamita 900 ndiye kuti ndi maola 3 ndi theka, osawerengera kupuma. Muli ndi ana, onjezani ndithu. Kumbukiraninso kuti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, moti tauni ikamawomba dzuwa pamwamba pangakhale chifunga ndi mphepo yolowa m'mafupa. Tengani juzi, madzi ndi tochi, ndipo uzani munthu wina njira imene mwatenga ndi nthawi imene akuyembekezereni. Wa njinga avale chisoti.

Zinyalala ndi kudzithandiza nditani nazo?

Chilichonse chimene mwakwera nacho mutsike nacho, kuphatikizapo makoko a zipatso ndi chubu chakuphulika chija. Kumalo ozizira makoko amatenga nthawi yaitali kuti awole, ndipo amazoloweza nyama kudikira chakudya m'njira. Ngati palibe chimbudzi, pitani kutali ndi madzi komanso njira pafupifupi mamita 60, omwe ndi masitepe ngati 70 a munthu wamkulu, kumbani kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, mukatha mukwirire. Mtsinje umene mukuuwona waung'ono pamwambapo ndi womwewo umene anthu a m'tauni ya kumunsi amamwa.