Mbiri ya Kipferl, mabisiketi okhota ngati mwezi a pa Khirisimasi ku Germany

Novembala akamatha, m'makhitchini ambiri a ku Germany ndi ku Austria mumamveka fungo la batala ndi mtedza wokazinga. Ndi nyengo ya Adventi, masabata anayi okonzekera Khirisimasi, pamene mabanja amaphika mabisiketi ang'onoang'ono otchedwa Plätzchen ndi kuwasunga m'zitini. Mitundu yake ndi yambirimbiri, koma umodzi susowa m'mbale: kabisiketi kotalika ngati chala chakankombaphala, kokhota ngati mwezi wongooneka kumene, koyera mbee ndi shuga wosalala. Dzina lake ndi Vanillekipferl. Mukakhala mtedza wa hazelnut, ena amakatcha Nusskipferl kapena Nusshörnchen, kutanthauza kanyanga ka mtedza. Kamasungunuka m'kamwa ngati dothi la chulu lonyowa ndi mvula, ndipo kusungunuka kumeneko ndiye ulemu wake wonse.

Mukafunsa chifukwa chake kamakhota, ambiri adzakuuzani za nkhondo ya mu 1683. Chaka chimenecho asilikali a ufumu wa Ottoman, motsogozedwa ndi Kara Mustafa, anazinga mzinda wa Vienna ku Austria kuyambira mu Julayi mpaka pa 12 Seputembala, pamene mfumu ya ku Poland, Jan Sobieski, inafika ndi gulu lake n'kuwabalalitsa. Zimenezo ndi zoona. Nthano imayamba apa: akuti ophika buledi, pokhala anthu ogwira ntchito usiku, anamva adani akukumba ngalande pansi pa linga ndipo anachenjeza alonda. Ndiye pokondwerera chipambano anaumba buledi wofanana ndi mwezi wa pa mbendera ya adaniwo. Nkhaniyi imakoma kuimva, ndipo n'chifukwa chake yakhalitsa, koma ilibe umboni wa nthawi imeneyo. Mawu akuti Kipfel, dzina la buledi wokhotayo, ndi akale kwambiri kuposa nkhondoyo. Jans Enikel, mlakatuli wa ku Vienna wa m'zaka za m'ma 1200, analemba kale za ophika buledi akupereka chipfen, kalembedwe kakale ka mawu omwewo, kwa Leopold VI, wolamulira Austria, pa Khirisimasi ya mu 1227. Apa n'kuti kutatsala zaka zoposa 450 kuti Kara Mustafa afike pa zipata za mzindawo.

Komanso Kipfel wakaleyo anali buledi wofufumitsa, wodyera m'mawa. Ndi yemweyo amene August Zang wa ku Vienna anapita naye ku Paris chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830, Afalansa n'kumusandutsa croissant, buledi wawo wokhota wa batala. Kabisiketi kathu kanangobwereka maonekedwe ndi dzina. Mbiri yake yeniyeni yagona pa zinthu zitatu zimene kale munthu wamba sankazikwanitsa: batala wa m'nyengo yosala kudya, shuga, ndi vanila.

Tiyambe ndi batala. Kale Adventi inali nyengo yosala zakudya zina, ndipo Mpingo unkaletsa batala. Ophika a ku Saxony ankakakamizika kugwiritsa ntchito mafuta a mbewu, amene ankaipitsa buledi wawo wa Khirisimasi wotchedwa Stollen. Olamulira a chigawocho anadandaula kwa Papa, ndipo mu 1491 Papa Innocent VIII anatumiza kalata yodziwika kuti Butterbrief, yololeza batala, ngakhale kuti ambiri ankayenera kulipira kangachepe ku Mpingo. Kusala kwa Adventi kunapita kuchepa m'zaka zotsatira, koma chizolowezi chophikiratu zokoma ndi kuzibisa mpaka tsiku la chikondwerero chinatsala. N'chifukwa chake mabisiketi a nyengoyi amapangidwa kuti azikhala masabata angapo osaonongeka.

Shuga anali wa anthu olemera chifukwa ankachokera ku nzimbe za kutsidya kwa nyanja. Mu 1747 Andreas Marggraf wa ku Berlin anapeza kuti m'mizu ya mbewu ya beet muli shuga yemweyo, ndipo wophunzira wake, Franz Karl Achard, anatsegula fakitale yoyamba ku Cunern, m'chigawo cha Silesia, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Pamene zaka zana zimenezo zinkatha, shuga anali atalowa m'khitchini ya mlimi ndi ya wantchito wa m'fakitale.

Vanila ndiye anali wovuta koposa. Ndi chomera cha ku Mexico, ndipo kunja kwa kwawo sichinkabereka chifukwa kunalibe tizilombo tonyamula mungu wake. Mu 1841 mnyamata wa zaka 12 wokhala mu ukapolo pa chilumba cha Réunion, Edmond Albius, anatulukira njira yoberetsera duwa lake ndi kamtengo ndi chala, njira imene alimi a ku Madagascar akuigwiritsabe ntchito lero. Dzina la mnyamatayu liyenera kutchulidwa nthawi zonse pamene pakukambidwa za vanila, pakuti ulimi wonsewo unaima pa nzeru yake, koma iye anamwalira ali mmphawi. Ngakhale zinatero, vanila anakhalabe wodula. Chimene chinasintha zinthu ndi ntchito ya Wilhelm Haarmann ndi Ferdinand Tiemann, amene mu 1874 anapanga vanillin, chinthu chimene chimapatsa vanila fungo lake, kuchokera ku utomoni wa mitengo ya mtundu wa paini, fakitale yake n'kumangidwa ku Holzminden. M'zaka za m'ma 1890 August Oetker wa ku Bielefeld anayamba kugulitsa shuga wa vanillin m'timapaketi, ndipo fungo la kunyumba yachifumu linafika m'nyumba iliyonse. Mpaka lero kapaketi kotere kamalemera magalamu 8, ndipo malangizo a kaphikidwe a Chijeremani amangoti "paketi imodzi", aliyense n'kumva.

Pali mikangano iwiri imene mabanja sagwirizana. Woyamba ndi wa mtedza. Ena amati Kipferl weniweni ndi wa almond wosenda, kuti atuluke woyera. Ku Czechia, kumene amatchedwa vanilkové rohlíčky, ndi ku Hungary, ambiri amakonda walnut. M'nyumba zambiri za ku Germany amagwiritsa ntchito hazelnut, mtedza umene umamera ngakhale m'mipanda ndi m'mphepete mwa nkhalango za kumeneko. Kunena mosabisa, hazelnut ndiye ali ndi fungo lomveka. Almond amazilala pamaso pa batala. Hazelnut wambiri amene akugulitsidwa m'masitolo lero amachokera m'madera a Ordu ndi Giresun m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea ku Turkey, dziko limene limakolola hazelnut woposa theka la wa dziko lonse lapansi.

Mkangano wachiwiri ndi wa dzira. Osunga mwambo amakana dzira, ati limalimbitsa bisiketi. Ena amathiramo chikasu cha dzira limodzi kapena awiri kuti mtanda ugwirane. Onse ali ndi mfundo. Wopanda dzira amasungunuka bwino koma amathyoka msanga. Amene akuyamba kumene angachite bwino kuthira chikasu chimodzi, koma mbali yoyera ya dzira ayi, chifukwa muli madzi ambiri.

Muyeso wakale wodalirika ndi uwu: ufa wa tirigu magalamu 280, batala wozizira magalamu 210, hazelnut wopera magalamu 100, shuga magalamu 70, ndi kamchere kotsina ndi zala. Ufa wake ukhale wosalala wophikira makeke, umene ku Germany amaulemba kuti Type 405, osati wa buledi ndiponso osati wosakaniza kale ndi zofufumitsa. Batala akhale weniweni, wa mafuta pafupifupi magawo 82 pa 100. Majarini ofewa opaka pa buledi ali ndi madzi ochuluka, ndipo mabisiketi ake amaphwasuka mu uvuni n'kukhala ngati zitumbuwa zopondedwa.

Mtedza uyambe wakazingidwa mu uvuni pa madigiri 170 kwa mphindi 10 mpaka 12, mpaka khungu lake litang'ambika. Ukulungeni m'kansalu koyera, mutikite kuti khungu lowawalo lichoke, ndipo mudikire uzizire kotheratu musanapere. Mtedza wotentha ukalowa m'makina umatulutsa mafuta n'kusanduka chiponde. Perani pang'onopang'ono, mukuimitsaimitsa, mutathiramo supuni ziwiri za ufa uja kuti zimwe mafuta. Chofunika ndi nsinjiro zouma, zoyoyoka pakati pa zala.

Dulani batala m'tizidutswa, musakanize ndi zouma zonse, ndipo mufikise ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati mchenga wonyowa. Kenako sonkhanitsani mwamsanga kukhala mtanda umodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa dzanja lozolowera mandasi limafuna kukanda. Ufa wa tirigu ukakandidwa umatulutsa ulimbo umene umapatsa buledi mphamvu, ndipo ulimbo umenewu ndi mdani wa Kipferl. Batala amakuta ufa kuti ulimbowo usagwirane, mtedza nawo umaudula. Vuto lina ndi kutentha kwa manja. Batala akasungunuka m'kati mwa kukanda, mafuta amalekana ndi ufa, mtanda umanyezimira n'kumanyotsoka. Ajeremani amati mtanda wakhala brandig. Zikatero uikeni m'firiji, kenako thiranimo supuni imodzi ya mkaka wozizira n'kuugwirizanitsa mofatsa.

Umbani mtanda kukhala zingwe zonenepa ngati mpini wa mthiko, mukulunge, muike m'firiji kwa ola limodzi kapena usiku wonse. Potulutsa, tengani chingwe chimodzi chokha, zina zikhale momwemo. Dulani tizidutswa ta magalamu 10. Muyeso uja umatulutsa mabisiketi pafupifupi 65. Kadutswa kalikonse kapotokoleni pakati pa zikhatho mpaka katalike masentimita 5 kapena 6, pakati ponenepa, kumapeto kocheperako pang'ono, ndiye mukakhotetse. Nsonga zisasongoke kwambiri, chifukwa zimapserera pakati pasanapse. Mtanda ukang'aluka pokhotetsa ndiye kuti wazizira mopitirira, ufumbateni kanthawi. Mukayala pa thireyi ya pepala lophikira, bwezerani thireyiyo m'firiji kwa mphindi 15. Mwambowu unabadwira m'nyengo ya chisanu, choncho amene akuphika m'kutentha kwa Disembala ku Lilongwe kapena ku Chipata asadumphe gawo limeneli, ndipo ndi bwino kuumba m'mamawa. Hazelnut akasowa, nsinjiro za mtedza wathu wamba wokazinga zimagwira ntchito pa muyeso womwewo, kungoti fungo limakhala lina. Macadamia ali ndi mafuta ambiri, motero batala achepetsedwe ndi magalamu 20.

Uvuni utenthe kale pa madigiri 175, kapena 160 ngati uli ndi fani. Mphindi 10 mpaka 12 zakwana. Kipferl wakupsa amakhalabe wotuwa pamwamba, nsonga zokha ndi pansi n'zimene zimafiirira pang'ono. Akafiira thupi lonse ndiye kuti wapitirira, ndipo mtedza umayamba kuwawa.

Ntchito yofuna maso kwambiri ndi yomaliza. Sakanizani shuga wosalala ngati ufa magalamu 100 ndi mapaketi awiri a shuga wa vanila m'mbale yakuya. Mabisiketi akangotuluka amakhala ofewa moti kungowakhudza amathyoka pakati. Akazizira kotheratu, shuga sagwira. Mpata wake ndi wa mphindi ziwiri kapena zitatu atatuluka, pamene alimba pang'ono koma mafuta a pamwamba akadali ofunda. Anyamuleni ndi mpeni wophwatalala, muwagubuduze mu shuga ndi mafoloko awiri. Amene akuopa kuthyola angathe kusefera shugayo pamwamba ali pa thireyi pomwepo, n'kudzawatembenuza pambuyo pake. Shuga akasungunuka n'kumata ngati phala, ndiye kuti munafulumira.

Akazizira, aikeni m'chitini chotseka bwino, mukuyala pepala pakati pa mizere, ndipo musawaphatikize ndi mabisiketi a zonunkhira zamphamvu monga Lebkuchen, chifukwa batala amakoka fungo lililonse. Tsiku loyamba amakhala ouma ndi okhukhuta. Pakapita masiku atatu kapena anayi, mafuta a mtedza ndi vanila amakhala atalowerera, ndipo m'malo ozizira amakhala bwino kwa masabata atatu kapena anayi. N'chifukwa chake mabanja ambiri amawaphika m'sabata yoyamba ya Adventi, chitini n'kuchiika pamwamba pa kabati pamene ana safikira.