Kukoka ngolo mpaka kugombe la Chitimba

Mvula ikangotha, m'galaja mwanga mumabwera anthu amene akukonzekera kukagona masiku angapo m'matenti kunyanja. Ambiri amafuna ndiwaonere injini. Ine ndimayamba ndi ngolo yomwe akufuna kukoka kumbuyo, chifukwa pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi, chimene chimagoneka anthu pamsewu kawirikawiri ndi kangoloko.

Titenge ulendo wa ku Chitimba, m'boma la Rumphi, kunsi kwa mapiri a Livingstonia. Kuchokera ku Mzuzu mumatsata M1, ndipo musanaponde mchenga muyenera kutsika phiri la Chiweta. Kapakiridwe konse kamene munachita pakhomo kamakaonekera pamenepo.

Zolemera, monga zigubu za madzi, batire ndi silinda ya gasi, zizikhala pansi, patsogolo pang'ono pa ekiselo. Cholinga n'chakuti pachokolera pazitsamira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa ngolo yonse. Ngolo ya makilogalamu 500 izipsinja galimoto ndi makilogalamu 40 kapena 50, ndipo mutha kuyeza ndi sikelo wamba yoyezera munthu, mutaika kathabwa pansi pa chokolera. Madzi ndi amene amapusitsa anthu. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndiye zigubu zisanu ndi makilogalamu 100. Bambo wina anazikumbukira pomaliza, n'kuzikhazika kumchira komwe kunatsala malo. Atangothamanga pang'ono, ngolo inayamba kupukusa mchira ngati kampango wogwidwa kumbedza, ikukankhira galimoto uku ndi uku, ana ali m'kati. Anafika kwa ine manja akunjenjemera, koma ngoloyo inalibe vuto lililonse. Tinangosuntha zigubuzo. Zikakuchitikirani, musaponde buleki mwamphamvu. Chotsani phazi pamoto, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro litsike lokha.

Ngolo zing'onozing'ono zambiri zilibe mabuleki akeake, ndipo zotere siziyenera kupitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu. Kulemera konseko amakuimitsa ndi mabuleki a galimoto yanu. N'chifukwa chake pa Chiweta mulowe giya yachiwiri musanayambe kutsetsereka, injini ndiyo izigwira. Mukamva fungo lopserera, pezani pokhala mtetete muime, mabuleki azizire. Msewuwu mumagawana ndi malole a malasha a ku Mchenga komanso mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, ndipo m'makona amadya mbali yanu. Ine sindilola mnzanga kutsika pamenepa ndi ngolo kutada. Mafuta dzazani ku Mzuzu, okwanira kupita ndi kubwerera, poti galimoto yokoka imamwa kuposa masiku onse.

Tsopano maberingi, tizitsulo ta pakati pa tayala tomwe limazungulirapo, omwe ndi nkhani yondipweteka mtima chifukwa mtengo wake ndi wochepa koma amawononga maulendo ambiri. Ngolo imakhala dzinja lonse pansi pa mtengo wa mango, madzi akulowa, girisi akuuma. Ikwezeni pa jeke, zunguzani tayala ndi dzanja, tcherani khutu. Likamalira ngati mphero, kapena likamagwedera mukaligwira pamwamba ndi pansi, beringi yatha. Ngakhale zili bwino, mukayenda makilomita 30 imani mukhudze pakati pa tayala ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda n'kwabwino, koma pakatentha moti simungasiyepo dzanja, musapitirire. Nyamulani maberingi ena a sipeya ndi kachitini ka girisi. Yesaninso sipanala yanu pa manati a ngolo mudakali kunyumba, chifukwa nthawi zambiri amasiyana ndi a galimoto.

Matayala a ngolo sakutha mapondedwe, amakalamba. Pakhoma la tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere umene umayamba ndi zilembo zakuti DOT. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Likapitirira zaka zisanu ndi chimodzi, kapena likaonetsa ming'alu, lisintheni ngakhale likuoneka latsopano.

Mukafika kugombe, tsikani muyende kaye wapansi. Pomwe phazi likulowa mpaka m'kakolo, ngolo ikatitimira ndithu. Ngati palibe njira ina, phwetsani matayala afike cha pa 1.5 bar pa choyezera mpweya, koma pokhapokha muli ndi pampu yodzapopera pobwerera. Chabwino n'kuimika ngolo pouma, mphuno italoza kotulukira, thabwa pansi pa kamwendo kake, miyala kumatayala, kenako katundu n'kumututa pamanja. Musaibweze m'madzi kuti muitsuke: chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimakokera madzi m'maberingi. Ndipo imbirani eni malowo musananyamuke. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kumiza magombe ndi nyumba zogona alendo m'madera ambiri, moti pomwe munamanga tenti zaka zapitazo mwina sipalinso chimodzimodzi.

Kuyambira cha mu June mpaka August kumawomba mwera. Zikhomo za tenti sizigwira mumchenga, choncho mangani chingwe pa kamtengo kapena pa thumba lodzaza mchenga, mukwirire mozama. Khomo la tenti lifulatire kum'mwera. Kumpoto kuno kumabweranso nkhungu, tizilombo tija timaoneka ngati utsi pamwamba pa nyanja, ndipo timathamangira kuwala, ndiye nyali muziipachika patali ndi chakudya. Neti musaiwale. Za posambira funsani asodzi, ndi amene amadziwa matsiriro a mitsinje omwe kumakhala ng'ona. Pewani madzi odekha a m'mabango, muli nkhono za likodzo, ndipo mukabwerera kwanu kayezetseni pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Pafupifupi aliyense wofika ku Chitimba amafuna kukwera ku Livingstonia kukaona mathithi a Manchewe ndi Stone House ya Dr Robert Laws. Msewu wa Gorodi umayambira pomwepo, ndipo uli ndi makona 20 opindika ngati chigongono. Ena mwa makonawo galimoto yaitali imachita kubwerera m'mbuyo kuti ikhote, phompho lili pambali. Ngolo isiyeni pamsasa, muikiye ndi tcheni, mukwere ndi galimoto yokha.