Kugwada popereka moni si mwambo wa ntchito

Ndatopa nawo mawu akuti "adokotala aja ndi amwambo." Ndikafunsa kuti mwambo wake ndi wotani, yankho ndi lomwelo: amalankhula mofatsa, gauni lawo ndi loyera mbee, sakalipira odwala. Abale anga, umenewo ndi ulemu. Ulemu ngwabwino, koma ngakhale tsizinamtole amadziwa kupereka moni.

Za mwambo wa maliro kapena wa chinkhoswe sindinenapo, mukuzidziwa. Chimatisokoneza n'chakuti akuluakulufe tinakula tikuloweza ngodya zinayi za Kamuzu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Basi mwambo tinaumva ngati kukhala phee pamzere. Kwa ife anamwino ndi madokotala, mwambo ndi malire omwe sudumpha ngakhale palibe wokuona. Matenda a munthu sukawaulula kumpopi. Mankhwala a boma sugulitsa. Koma chachikulu, nzeru zako zikathera pomwepo umanena, n'kutumiza wodwala kwa okuposa.

Pali mayi wina wa ku Chibavi amene sachoka m'mutu mwanga. Anali ndi matenda a shuga, ndipo anaponda msomali. Kabala kake kanali kochepa. Kwa miyezi itatu ankapita kwa bambo wina wobaya jakisoni m'kachipinda kuseri kwa golosale. Atafika kwa ife, fungo linayamba kulowa iwo asanalowe. Shuga amaononga mitsempha, phazi silimva kuwawa, magazi sayendanso bwino, ndiye chilonda chimadya mkati mwini wake ali duu. Mwendo unadulidwa.

Ndinawafunsa mwana wawo kuti, "Achemwali, munachedweranji chonchi?" Anati bambo aja ndi amwambo, amawatcha amayi awo "mama", ndipo ankapemphera asanabaye. Sindinayankhe. Mpaka lero ndimaganiza kuti mwina mbali ina ndi yathu, chifukwa ena mwa ife timakalipa, ndipo wodwala wokalipiridwa amathawira komwe akamusekerere. Komabe munthu wamwambo akanaona phazi lija sabata yoyamba n'kunena kuti, "Izi sindingathe, thamangirani kuchipatala." Iye anasankha kudyerera.

Ndiye musanatambasule mkono, yang'anani pakhoma. Madokotala ndi makiliniko ofesala amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, anamwino ndi azamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Funsani chiphaso, si chipongwe. Wokwiya ndi funso limenelo mutsanzikeni. Wolonjeza kuti shuga kapena BP atheratu ndi botolo limodzi, wokuuzani kuti musiye mapiritsi a kuchipatala, wobaya jakisoni pa matenda alionse osakupimani, thawani.

Ndipo inu a shuga, kaya muli ku Luwinga, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, yang'anani mapazi anu madzulo alionse, ndi pakati pa zala pomwe. Kabala kakaoneka, mawa lake m'mawa mukhale muli pamzere ndi buku lanu la kuchipatala.